Ndinalemba Kuti Mtundu Wawo Unatha, Chonsecho Sindinafikeko

Ine ndinalanditsa gogo wina munda wake popanda kukweza dzanja kapena mawu. Ndinachita zimenezi ndi mzere umodzi wokha umene ndinatayipa nditakhala pamthunzi, wonena za anthu amene ndinali ndisanawaonepo nkhope. Papita zaka zambiri, mutu wanga wayera mbuu, koma nkhani imeneyi ikundidyabe mumtima. Inu owerenga, makamaka inu amene mumafufuza za kakhalidwe ka anthu podalira mabuku ndi malipoti amene ena analemba kale, tamverani zimene zinandichitikira.

Zinali zaka za Chitaganya, pamene azungu analumikiza dziko lathu ndi maiko awiri oyandikana nalo. Ine ndinabadwira kwa Kuntaja, ndipo ndinali nditakwatira kufupi ndi Chileka, kumene ndinkakhala chikamwini kwa akazi anga. Ndinali nditamaliza Sitandade 6 ku mishoni, ndipo masiku amenewo munthu wa Sitandade 6 ankayenda ngati nthaka yonse ndi yake. Chingelezi ndinkachidziwa, kutayipa ndinkatha ngakhale ndi zala ziwiri, ndipo cholembera sichinkachoka pathumba la malaya ngakhale popita kumaliro. Apongozi anga ankandinena kuti ndine mkamwini wa manja osalala. Sankanama.

Ntchito ndinaipeza kwa mzungu wina wamkazi amene anachokera ku sukulu ya ukachenjede ya kunja. Ankakhala m'nyumba ya lendi kufupi ndi bwalo la ndege, ndipo anthu anamupatsa dzina loti Dona wa Mafunso. Iye ankafuna kudziwa mmene midzi ya ku Chileka ndi ku Lirangwe inakhalira: ndani anayamba kufika, ndani anabwera pambuyo kuchokera ku Mozambique, malo anawapatsa ndani, ndipo ana amakwatira kuti. Ine ndinali womasulira wake komanso kalaliki wake. Anali munthu wabwino ndi wosamala pantchito, ndipo pa zimene ndifotokoze pano musamuimbe mlandu iyeyo.

Poyamba tinkayenda m'midzi kufunsa anthu. Koma nthawi inali yoipa. Anthu ankadana ndi Chitaganya, ndipo aliyense wobwera ndi mzungu komanso pepala m'manja ankaoneka ngati wabwera kudzawerenga minda kuti ilandidwe. Tikafika pamudzi, amayi ankalowa m'nyumba, abambo n'kumayankha kuti sakudziwa ngakhale dzina la agogo awo. Tsiku lina pamsika wa Lirangwe bambo wina anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena mosakweza mawu kuti, "Achimwene, ukapirikoni wanuwu udzakuphetsani." Kapirikoni linali dzina la munthu wogulitsa anzake kwa azungu, ndipo linali dzina loopsa. Pobwerera ndinapeza matayala a njinga yanga atabooledwa ndi minga, onse awiri. Kuyambira tsiku limenelo Lirangwe ndinkamuopa.

Ndiye panabwera mabuku. Dona anapempha chilolezo, ndipo anabwereka mabuku akale a ubatizo ku mishoni ina, komanso buku lina lalikulu la ku boma limene mzungu wina analemba ine ndisanabadwe, pamene ankawerenga nyumba za anthu chifukwa cha msonkho. Ndisakunamizeni, mabuku amenewo anali chuma. Ankatiuza zinthu zimene ngakhale nkhalamba za m'mudzi zinaiwala: chaka chimene banja lakuti linawoloka malire, mudzi umene unalipo n'kutha, matenda amene anapha ana ambiri nyengo ina. Zimene tikanayendera chilimwe chonse tinkazipeza titakhala pakhonde tikumwa tiyi, ndege zikudutsa pamwamba. Buku silinkandibisira mawu, silinkanditcha kapirikoni, silinkaboola matayala. Ndinawakonda mabuku amenewo kuposa mmene ndinkakondera anthu amene analembedwamo.

Dona ankandichenjeza kawirikawiri kuti buku lililonse linalembedwa ndi munthu amene anali ndi cholinga chake, ndipo wokhometsa msonkho amaona zimene akufuna kukhometsa basi. Ankati chilichonse chimene tapeza m'buku tiyenera kukachitsimikiza pakamwa pa eni ake. Ine ndinkagwedeza mutu ngati ndamva.

Chakumapeto kwa ntchito yathu Dona anadwala malungo aakulu, ndipo nthawi yake yobwerera kwawo inali itayandikira. Panatsala kamudzi kamodzi kuseri kwa Lirangwe, m'mbali mwa mtsinje, kamene tinali tisanafikeko. Anandituma ndekha. Anandiuza kuti ndikafunse za munthu wina dzina lake Mukhova, amene buku la ku boma linkati anachokera ku Mozambique, anapatsidwa malo aakulu m'mbali mwa mtsinjewo, ndipo anamwalira wopanda mwana. Ankafuna kudziwa kuti malowo akulima ndani tsopano, ndipo anawapeza bwanji.

Ndinanyamuka ndithu m'mawa, njinga itapopedwa bwino. Koma nditafika pa Lunzu ndinatsika panjinga, mawu a bambo wa pamsika uja akulira m'makutu. Ndinakhala pansi pa mtengo, ndinagula chimanga chootcha, n'kuyamba kudzinyengerera. Ndinati kodi ndikakafika adzandiuza chiyani choposa zimene zili m'buku? Anthu ake ndi omwewo okana kudziwa agogo awo. Dzuwa litapendeka ndinatembenuza njinga, ndinabwerera kwathu, ndipo mawa lake ndinatsegula mabuku aja.

Buku la ku boma linkati Mukhova analibe mwana. Ndinafufuza m'buku la ubatizo, ndipo panalibe mwana ngakhale mmodzi wolembedwa ndi dzina la Mukhova. Ana onse obatizidwa a m'kamudzi kameneko anali ndi mayina a abambo ena, wina wa ku Chiradzulu, wina wa ku Mulanje, wina wa kwa Kuntaja kwathu komwe. Ndinaona ngati mabuku awiriwa agwirizana. Ndinakhala pa makina n'kutayipa kuti mtundu wa Mukhova unatha, malo ake alibe mwini, ndipo amene akulimapo ndi anthu obwera ongobwereka. Pansi pake ndinawonjezera kuti zimenezi zatsimikizidwa pamudzi pomwepo. Dona anandifunsa ali chigonere ngati anthu anandilandira bwino, ndipo ine ndinati anandilandira bwino kwambiri.

Inu owerenga, chimene chimandipweteka koposa si bodza lokhalo ayi. Ndi chakuti ine ndinkadziwa mmene ife timakhalira. Kwathu kuno mwamuna wotsogolera anthu pa ulendo amapempha malo chifukwa cha mbumba yake, alongo ake ndi ana awo. Akamwalira malo satha, amakhala m'manja mwa alongowo ndi ana awo aakazi. Amuna amene amakwatira pamenepo ndi akamwini, amabwera ndi mphasa n'kudzachoka ndi mphasa. Wokhometsa msonkho analemba mwamuna yekha chifukwa ndiye ankalipira, ndipo pofunsa za ana anafunsa za ana obereka yekha monga amachitira kwawo. A mishoni nawo ankalemba mwana ndi dzina la bambo wake. Motero m'mabuku onse awiri eni nthaka enieni, amayi aja, sankaoneka n'komwe. Ine amene ndinkagona m'nyumba ya pamudzi pa akazi anga, ine amene ana anga ankalamulidwa ndi atsibweni awo, ndinayenera kuona zimenezi msanga kuposa mzungu aliyense. Koma poti zinalembedwa m'Chingelezi ndi inki, ndinaika nzeru za kwathu pambali ngati nsapato zothina.

Dona anachira, anamanga katundu, ndipo asanakwere ndege anasiya kope limodzi la lipoti lathu ku boma monga mwa ulemu. Ine anandisiyira kalata yabwino yondichitira umboni, imene inandipezetsa ntchito yomasulira kwa bwana wina woyang'anira za minda. Malipiro anali abwino. Akazi anga anavala nsapato koyamba, ndipo apongozi anasiya kunena za manja anga. Za Mukhova ndinaiwaliratu.

Nthawi imeneyo boma linkakonza minda mwatsopano m'madera ena. Linkasankha alimi ena amene ankatchedwa achikumbe, n'kuwapatsa malo aakulu pamodzi kuti azilima motsatira malangizo. Pofuna malo otere ku Lirangwe, bwana wanga sanavutike kuyenda. Anatsegula lipoti la Dona, napeza malo a m'mbali mwa mtsinje olembedwa kuti alibe mwini. Anatumiza anthu kukakhoma zikhomo, ndipo malowo anaperekedwa kwa mchikumbe wina wa mudzi woyandikana nawo. Zonsezi zinachitika ine osadziwa, chifukwa ntchito yanga inali yomasulira pakamwa, osati yosunga mapepala.

Ndinadziwa tsiku limene gogo wina anafika ku ofesi. Anali wamfupi, wowonda, mapazi ali mbuu ndi fumbi, atayenda wapansi kuchokera ku Lirangwe pamodzi ndi mwana wake wamkazi. Dzina lake anati ndi Esitere, ndipo mwana wakeyo anali Dorika. Anakana mpando, anakhala pansi pasimenti, nafotokoza modekha kuti anthu akhoma zikhomo m'munda mwake. Anati malowo anapempha ndi atsibweni ake, a Mukhova aja, mlongo wa amayi ake, pamene anawoloka kuchokera ku Mozambique iye ali kumsana. Anati mango a pamenepo anabzala ndi amayi ake, ndipo manda a atsibweni akewo ali kumtunda kwa munda.

Nditamva dzina la Mukhova, ndinakumbukira mzere uja ndinatayipa. Ndinamasulira mawu ake, koma sindikudziwa ngati mawu anga ankamveka. Bwana anatsegula kabati, anatulutsa lipoti, ndipo ndinazindikira zilembo za makina anga omwe, ndi chilembo chimodzi chimene chinkadumphira m'mwamba. Anawerenga mzere uja mokweza, n'kundiuza kuti ndiwamasulire mayiwa m'Chinyanja. Inu owerenga, ganizirani zimenezo. Ndinayang'ana pansi n'kuwauza mayi Esitere ndi pakamwa panga kuti pepala likuti mtundu wa Mukhova unatha, ndipo iwo ndi obwera ongobwereka.

Mayiwo sanalire. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mwana wanga, tawafunsani bwanawo. Ngati mtundu unatha, ineyo ndakhala panoyu ndine ndani? Nanga amene analembayo anafika kwathu? Akanafika ndikanamuona, ine sindichoka pakhomo. Ndikanamuphikira ndi kalongonda yemwe, n'kumuonetsa manda."

Ndinamasulira zonse kupatula funso lija loti wolembayo anafika kapena ayi. Limenelo ndinalimeza. Bwana anayankha kuti nkhani ya pakamwa singagonjetse mabuku awiri amene akugwirizana, buku lakale la boma ndi lipoti la munthu wophunzira. Anati apite, adzaganizira. Potuluka, mayi Esitere anandigwira dzanja n'kundithokoza chifukwa chowayankhulira bwino kwa mzungu.

Madzulo a tsiku limenelo ndinalimba mtima pang'ono. Ndinabwerera kwa bwana n'kumuuza kuti mwina m'lipotimo muli cholakwika, chifukwa kwathu kuno malo amatsata akazi. Ndinkafuna kumuuza kuti mabuku awiriwo ndi buku limodzi, chifukwa lachiwiri linangokopera loyamba. Koma iye anaika chala pa mawu aja akuti zatsimikizidwa pamudzi pomwepo, n'kundifunsa kuti, "Kodi si iwe unkayenda ndi Dona? Unafika pamudzi umenewu kapena sunafike?" Ndinaganiza za ntchito, za kalata ya umboni ija, za nsapato za akazi anga, za kuseka kwa apongozi. Ndinati ndinafika. Anatseka lipoti n'kulibwezera m'kabati, ndipo nkhani inathera pomwepo.

Bodza loyamba ndinganene kuti linali la mantha ndi ulesi. Lachiwirili ndilibe chodzikhululukira nacho. Pamenepo ndinkadziwa dzina la munthu, ndinali nditaona nkhope yake, dzanja lake linali litangogwira langa.

Miyezi inapita. Dziko linatentha, anthu ankamangidwa, ndipo aliyense ankasamala mutu wake. Ine ndinkagwira ntchito, koma chakudya sichinkandikomera. Ndikamva basi ya ku Lirangwe ikutchulidwa, ndinkachokapo msanga. Akazi anga anandifunsa kangapo ngati ndapeza mkazi wina, poti ndinkangokhala duu ngati munthu wa ngongole ya mtima. Nditawauza zoona, sanandikalipire. Anangondifunsa kuti munthu wina atalemba kuti munda wa amayi awo ndi wanga ine mkamwini, ndingavomere? Kenako anatuluka kukatunga madzi.

Akulu anati mlandu suwola. Chitaganya chili pafupi kutha, bwana uja atabwerera kwawo, ndinakwera njinga kupita kumene ndinayenera kupita kalekale. Ndinadutsa pa Lunzu, ndinauona mtengo uja, sindinaime. Palibe amene ananditcha dzina lililonse. Anthu amene ndinawafunsa njira anandilozera bwinobwino, wina mpaka anandiperekeza. Kamudzi kanali pafupi zedi, ndipo ndinachita manyazi poona kufupika kwa ulendo umene ndinauthawa.

Ndinapeza mabwinja. Mango aja anali atadulidwa kuti pulawo ya ng'ombe izidutsa bwino, zitsa zokha zikuphukira. Manda a Mukhova analipo, koma mizere ya chimanga inali itafika m'mphepete mwake. Mayi wina amene ankachapa kumtsinje anandifotokozera kuti munda waukulu utapita, timinda totsala sitinakwanire mbumba yonse. Akamwini anayamba kutenga akazi awo kupita nawo kwawo, uyu ku Chiradzulu, uyu ku Mulanje. Mayi Esitere anakana kuchoka mpaka anatsala okha, ndipo atafooka Dorika anabwera kudzawatenga kupita nawo ku Madziabango, kwawo kwa mwamuna wake.

Ndinapita ku Madziabango sabata yotsatira. Dorika ndinamupeza akusenda chinangwa pakhonde, ndipo anandizindikira msanga kuti ndine womasulira wa ku ofesi uja. Anandiyalira mphasa. Nditafunsa za amayi ake, analoza ndi mpeni kunkhalango ya manda a mudziwo. Anati anamwalira dzinja lapitalo, ndipo anaikidwa pakati pa anthu amene sankawadziwa, chifukwa kwawo kunalibenso wokumba manda.

Ndinamuuza zonse, kuyambira chimanga chootcha cha pa Lunzu mpaka funso la bwana lija. Ndinkayembekezera kuti anditukwana, mwinanso ndinkafuna kuti atero kuti mtima upepuke. Iye anapitiriza kusenda chinangwa chake mpaka chinatha. Kenako anati, "Bambo, amayi anamwalira akukutamani. Ankati mwana uja wa ku ofesi anayesetsa, koma mzungu ndiye anali wouma mtima. Ine sindikawauza kumandako kuti munali inu. Mukawauze nokha." Anatola dengu lake n'kulowa m'nyumba. Ndinakhala pamphasapo kwa kanthawi, koma sanatulukenso.

Ndinayesa kukonza. Ndinapita ku ofesi kukafotokoza kwa akuluakulu atsopano, koma anandiuza kuti malowo ali ndi mwini tsopano, ndipo odandaula anabalalika. Dona sindinadziwe komupeza. Madzi akatayika saoleka.

Inu owerenga, sindikuti mabuku akale ndi malipoti a anzanu muziwataya. Ndi othandiza kwambiri. Amasunga zimene anthu anaiwala, amafupikitsa ulendo, ndipo nthawi zina ndi okhawo amene angakuuzeni za anthu amene anapita kale. Koma musanakopere mzere uliwonse, dzifunseni kuti analemba ndani, ankafuna chiyani, ndipo ndani amene sakanaoneka m'maso mwake. Mukapeza mabuku awiri akunena chimodzimodzi, musafulumire kukondwa, yambani mwaona ngati lachiwiri silinangomwa madzi m'chitsime cha loyamba. Ndipo ngati anthu amene akunenedwawo ali moyo, pitani mukawafunse, ngakhale dzuwa litentha, ngakhale mukuopa. Safunsa anadya phula, koma ine phula langa anadya ndi munthu wina wosalakwa.

Ngati simunafike, lembani kuti simunafike. Palibe manyazi pamenepo. Kumbukirani kuti zimene mukulemba lero mawa zidzakhala buku lakale la munthu wina, ndipo iye adzakukhulupirirani monga ine ndinakhulupirira wokhometsa msonkho uja.

Lipoti lija mwina likadalipo penapake m'kabati, mapepala atafiira. Tsiku lina wophunzira wina adzalitsegula, adzawerenga kuti mtundu wa Mukhova unatha m'mbali mwa mtsinje ku Lirangwe. Ngati ali wakhama kuposa ine adzapita kukatsimikiza, ndipo adzapeza kuti pamalopo palibedi wa Mukhova ngakhale mmodzi. Adzati wolembayu analemba zoona. Ngati wophunzirayo ndinu, dziwani kuti pamene ndinkatayipa mzere umenewo, mayi Esitere anali pakhomo pawo, ana ndi adzukulu ali pomwepo, mango akubereka. Mtunduwo sunathe ndisanalembe ayi. Unatha chifukwa ndinalemba.